Kufunsira pa Njinga ya Abwana

Lolemba, 11 Novembala 2013

A Enelesi akunyamuka Lamulungu kubwerera kumudzi. Katundu wokagulitsa pa Khirisimasi wakwana: mabulangete, nsapato, mapoto. Akuti ulendo uno ukhoza kukhala womaliza, chifukwa amalume awo ku Thyolo alandira mawu ofunsira ukwati a mphunzitsi wina wa ku Luchenza, ndipo a Enelesi akangofika akuyenera kukayankha. Anandiuza dzulo kutchalitchi akuyang'ana pansi. Ine ndinangoti, "Oo."

Mawu anga ndili nawo, chaka chatha tsopano. Malo owanenera ndiwo palibe.
- Ku Mayville, mu Durban momwemuno, kumene amagona: amayi asanu m'chipinda chimodzi, makutu khumi.
- Kutchalitchi: tisanati ameni nkhani yafika kale ku Blantyre.
- Mu takisi, minibasi za kuno: Chichewa timachisiya panja tikamakwera.
- M'Chizungu: ayi, mbeta safunsira m'chiyankhulo chopemphera ntchito. Chizulu changa n'chotsikira takisi basi.

Masana abwana, amene ndimawasamalira maluwa kuno ku Pinetown, andipatsa njinga yawo yakale poti agula ina. Loweruka lililonse amapalasa ndi anzawo atavala makabudula othina, m'misewu ya dothi kuseri kwa Mariannhill. Akuti kulibe magalimoto, kulibe anthu, nzimbe zokhazokha, ndipo kumapeto nyanja imaoneka. Andijambulira njira papepala.

Nzimbe! Ine ndakulira ku Nchalo, ndapalasa kabaza zaka zisanu ndi ziwiri pakati pa nzimbe. Kumene kuli nzimbe kumakhala kwathyathyathya ngati tebulo. Durban yonse ndi zitunda, ndikudziwa, koma nzimbe sizimera pa phiri. Loweruka ndiwakweza a Enelesi, ndikanena mawu anga nyanja ikuona.

Lachiwiri, 12 Novembala

Njingayi ndaiyang'ana bwino lero. Azungu ndi anthu odabwitsa.
- magiya 27
- chishalo chowonda, cholangira munthu
- moika mabotolo a madzi, muwiri
- belu palibe
- keliyala palibe!

Ndiye munthu amakhala pati? Thumba la chimanga limakhala pati?

Nditaweruka ndapita kwa wowotcherera wa pafupi ndi siteshoni. Waigogoda ndi chala, wati chitsulo chake ndi chija cha mapoto, akachiyandikiza moto chibooka. Wandipezera keliyala yakale m'zinyalala zake. Ndamanga ndekha ndi waya ndi malegeni. Khushoni ndadula ku matiresi anga, mbali ya kumiyendo. Kuyambira lero ndigona chopinda.

Ndawaimbira a Enelesi. Avomera. Afunsa ngati kumeneko kulibe mapiri. Ndaseka kwambiri.

Lachitatu, 13 Novembala

Lachitatu ndimaweruka 1 koloko. Ndapita kukaona njira. Pa keliyala ndamanga thumba la manyowa la abwana m'malo mwa a Enelesi. Iwo ndi olemererapo kuposa thumbali, koma zimenezi zikhale m'buku muno.

Phula litatha, nzimbe ndaziona. Zili pa phiri. Phiri lenileni! Zakwera mpaka pamwamba, zatsikira kuseri, zakweranso lina. Anazibzala pamenepo ndani? Amathirira bwanji?

Chitunda choyamba: ndakwera.
Chachiwiri: ndakwera theka.
Chachitatu: tayenda moyandikana ine ndi njinga, aliyense ndi miyendo yake.

Magiya ndayesa. Ukakanikiza kanthu ka kumanzere, miyendo imangozungulira ngati chigayo, njinga osapita kulikonse. Ukakanikiza ka kumanja, tcheni imagwa. Ndabwezera pa giya yolimba, ya anthu aamuna, ndipo sindikhudzanso.

Nyanja sindinaione. Ndabwerera pa chitunda chachinayi, manyowa ndabweza m'galaja abwana asanafike.

Lachinayi, 14 Novembala

Miyendo yauma gwa. Maluwa ndathirira nditakhala pa ndowa. Abwana afunsa kuti njinga ikuyenda bwanji, ndati sharp. Ataona keliyala alowa m'nyumba kukaitana adona kuti nawonso adzaone.

Madzulo ndapitanso, popanda manyowa. Pa chitunda chachiwiri ndapeza masamba aawisi ali mumsewu. Ndatsika, ndavula chipewa, ndakankha mwaulemu monga timachitira kwathu podutsa pa maliro. Ndakwera. Patsogolo masamba ena. Ndatsikanso. Kanayi konse. Ndikudabwa mumtima kuti nyumba sizikuoneka, nanga anthu akufawa akuchokera kuti? Kenako yandipitirira thirakitala yodzaza nzimbe, ikugwetsa masamba njira yonse. Woyendetsa wandikwezera dzanja, ine chipewa chili pachifuwa.

Chondimvetsa chisoni n'chakuti maliro amenewa ndiwo amandipumitsa. Loweruka sindidzakhala ndi chifukwa chotsikira.

Lachisanu, 15 Novembala

Mvula tsiku lonse. Sindinapalase. Ndakhala m'chipinda kukonza mawu.

Poyamba anali ataliatali: kwathu, makolo anga, njerwa zimene ndinaumba ku Nchalo, kenako nkhani yeniyeni. Ndayesa kuwanena ndikukwera masitepe a kuseri kwa nyumba, kuti ndione ngati mpweya ukwana. Sukukwana. Ndachotsa makolo. Ndachotsa njerwa. Atsala a mpweya umodzi.

Ndaganiza zosintha, ndingowatengera kugombe pa takisi. Koma Loweruka kugombe Durban yonse imakhala komweko, tikangokhala duu ngati mu takisi momwemo. Komanso ndinaseka pa foni paja. Kuseka sikubwezeka.

Mphunzitsi uja ndamuganizira kwambiri lero. Ntchito yake ndi kuyankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, amalipidwa n'kulipidwa. Zikundiwawa, ndisaname.

Zonyamula mawa: buledi, zakumwa ziwiri, pampu, sipanala, malegeni apadera.

Loweruka, 16 Novembala

A Enelesi atsika takisi 9 koloko, atavala diresi la kutchalitchi, chitenje paphewa. Ayang'ana keliyala, ayang'ana phiri, ayang'ana ine. Akwera.

Msewu ukadali matope. Chitunda choyamba tafika pakati. Malegeni aduka, keliyala yapendekeka, khushoni yagwera m'ngalande. Iwo atsika bwinobwino asanagwe. Malegeni apadera ndaiwala pa bedi.

Takankha. Msewu uli zii, abwana sananame. A Enelesi akuyankhula Chichewa mokweza, akuseka, aimbako ndi nyimbo ya kwaya. Akuti milungu itatu akhala akunong'ona, anayamba kuiwala mawu awo mmene amamvekera. Ine ndikungoti ee, ee. Mpweya ndikusungira pamwamba.

Pa chitunda chachitatu akuti ndiwabwereke njinga. Ndamasula keliyala. Amanga chitenje, akanikiza kanthu ka kumanzere kaja kawiri, miyendo yayamba kuzungulira, ndipo njinga yakwera! Pang'onopang'ono, koma yakwera. Akuti kwawo amakwera zoposa apa ndi mikoko ya nthochi. Asowa pa khona.

Ndathamanga. Munthu wa kabaza sangafike pambuyo pa wokwera wake akuyenda ngati wopita kumunda. Zitunda ziwiri zotsalazo ndathamanga zonse, keliyala kumanja, buledi kumanzere.

Pamwamba ndawapeza atakhala pa mwala, apukuta kale matope ku nsapato. Nyanja ili uko, kamzere kotuwa. Palibe munthu wina aliyense. Andiyang'ana, nati, "Nenanitu zimene mwandibweretsera kuno."

Ndatsegula pakamwa, kwatuluka kamluzu. Ndagwira mawondo. Ndayesanso. Ndawakwezera chala kuti adikire, ndalowa m'nzimbe kukasanza tiyi wa m'mawa. Ndakhalitsa.

Potuluka ndapeza abwana ndi anzawo asanu, makabudula othina onse. Akondwa kwabasi. Atijambula. Afunsa a Enelesi za magiya, iwo afotokoza. Abwana ataona nkhope yanga aimbira adona kuti abwere ndi galimoto. Ndakana, sanandimvere.

Pobwerera a Enelesi kutsogolo ndi adona, ine kumbuyo ndi njinga. Awatula pokwerera takisi ku Pinetown, anthu pikitipikiti. Tatsanzikana m'Chizungu, mawu awiri.

Lamulungu, 17 Novembala

Kutchalitchi sindinapite. Kokwerera basi ndinayesa kupita. Masitepe a pakhomo panga ndatsika chokhala, ndafika pa geti 9 koloko itakwana. Basi ya a Enelesi imanyamuka 9 koloko yomweyo, m'tauni.

Abwana akuti Loweruka likubwerali a Enelesi abwere adzapalase nawo, awabwereka njinga yatsopano. Ndawauza kuti apita kwawo.

Cha m'ma 11 uthenga pa foni: "Tadutsa Maritzburg. Mwapuma?"

Ndalemba mawu aja onse. Ndawerenga kawiri. Ndafufuta. Mphunzitsi akapita yekha, akakhala pansi pamaso pa amalume, chipewa pa bondo. Ine nditumize pa foni ngati ndikufunsa mtengo wa mabulangete?

Ndayankha kuti ndapuma.

Patapita nthawi ayankha: "Chabwino. Ine pa mwala paja ndinadikira."

Mawa ndi tsiku lotchetcha kapinga.