Mwana Wanga Mukumuchotsa Chifukwa cha Ulemu

Kwa Bwana Mkulu Woona za Maphunziro a pa Foni,

Pepani bwana kuti ndakulemberani ine wosoka zovala, amene sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi. Uthenga wanu wafika, woti mwana wanga wamkazi akapitiriza kukhala chete m'kalasi ya pa foni, mumuchotsa pa maphunziro a unamwino mwezi uno ukatha. Chiwerengereni uthengawo mtima suli m'malo, moti dzulo ndasoka kolala ya malaya a eni ake chozondotsa.

Choyamba, ndikuthokoza potibweretsera aphunzitsi m'nyumba. Chipinda chathu n'chimodzi. Mwanayu akangoyatsa foni, ine ndimaimitsa makina, bambo ake amathawira kuseri kwa katani ndi vesiti yawo yobooka, ndipo tonse timaopa ngakhale kutsokomola. Mlendo wamkulu chotere sitinamupatsepo ndi mpando womwe. Kaya amatiganizira zotani.

Chachiwiri, mwalemba kuti nkhope yake sioneka. N'zoona. Aphunzitsi akatulukira pa foni, iye amaimirira monga anazolowera, ndiye iwo amangoona mabatani a bulauzi. Mabataniwo ndinasokerera ndine, ngati alipo malikisi ake.

Chachitatu, mukuti kuti akhoze azifunsa mafunso ndi kutsutsa aphunzitsi. Apa nzeru zanu zandipitirira. Zaka zonse za sukulu, wolankhula m'kalasi ankalembedwa dzina n'kukwapulidwa. Tsiku lina mwanayu anafunsa funso, anabwera zikhatho zitatupa. Anaphunzirapo, mpaka analandira mphoto ya mwana wofatsa. Lero kufatsa komweko mwakupatsa ziro. Amene akutsogola ndi ana a mabwana, aja amayankha makolo awo miyendo ili pa sofa. Sindikuchita nsanje ayi.

Ndayesa kumuphunzitsa mwano. Ndimamuputa dala, kumunamizira kuti wataya lumo langa, koma amangopepesa n'kuyamba kulifunafuna. Ndikuopanso kuti akadzaudziwa mwanowo adzayambira pa ine, kenako pa odwala.

Pempho langa n'laling'ono, bwana. Mwanayu amagwira msanga akaona chitsanzo. Chonde, Lolemba likubwerali muyatse kamera, muitane abwana anu aakulu, muwatsutse pamaso pa ophunzira onse. Lachiwiri mukapezeka mukadali pa mpando wanu, ndikulonjeza kuti nayenso adzatsegula pakamwa.

Ine wanu wokhala ndi mantha,
Mayi wa makina osokera