A Yarema ndi Kamphepo ka Pakhosi

Pafakitale yathu ya ndege ku Kharkiv panalibe munthu woopa mphepo ngati a Yarema Panasovych. Sindikunena chimphepo chozula mitengo ayi, koma kamphepo kaja kamalowera pampata wa zenera n'kukugwira pakhosi. Tonse kwathu kuno timakaopa, koma iwo anaonjeza. Thonje m'makutu, mpango m'khosi, ngakhale mu Julaye anthu tikusamba thukuta. Mazenera a ofesi yathu yojambuliramo anawamata ndi mapepala onyika m'sopo, ndipo ine Orysia ndikangogwira chotsegulira, ankamva ngakhale ali kuchimbudzi.

"Orysia, mwanawe, ukufuna undiike m'manda?"

"Tikupsa muno, a Yarema Panasovych."

"Wakupsa amachira. Wakamphepo timanyamula."

Ndiye tangoganizani, munthu ameneyu ndi amene anapatsidwa ntchito yokonza kayendedwe ka mpweya m'ndege yathu yatsopano, jeti yaying'ono yonyamula anthu pakati pa mizinda. Chibadwire anali asanakwerepo ndege. Koma mwambo wathu ndi wakuti wojambula ndege amakwera nawo ulendo woyamba wonyamula anthu, ndipo ulendowo unali wopita ku Chernivtsi, kwawo kwenikweni. Mpando umenewo ankaulota usana ndi usiku.

Tinali ndi ndege yamatabwa yoyeserera, yokhala ndi mipando yeniyeni. A Yarema ankayenda mpando ndi mpando atanyamula nthenga ya tsekwe. Ikangogwedezeka, ife kukajambulanso mapaipi onse. Nthenga itawakwana anabweretsa apongozi awo, mayi Paraska, n'kuwakhazika pazenera atawavula duku.

"Amayi, mukumva kanthu?"

"Khutu lakumanzere likundilasa."

"Mwamva nonse? Phwasulani."

Tinaphwasula, tikung'ung'udza. Pambuyo pake tinamva kuti khutulo linayamba kuwalasa ali namwali.

Nkhondo yeniyeni inali ya timabowo tija timauzira mpweya pamwamba pa mutu wa wokwera. A Yarema anatikana kwamtuwagalu, mpaka mkulu wa fakitale, a Zinovii Lukych, anatsika okha kuofesi.

"Ndege zonse padziko zili nato timabowo timeneti."

"N'chifukwa chake anthu akunja amatsika makosi ali okhota."

"Ndi lamulo, a Yarema Panasovych."

"Lamulolo lidzabwera kudzawasisita mafuta a nkhumba pamsana akamadzatsokomola?"

Timabowoto tinaikidwa, koma a Yarema anatimangitsa zolimba moti potsegula pankafunika manja awiri ndi pemphero.

Ndege itatha mayeso onse, a Yarema anagula suti. Anaimbira foni mlongo wawo Vasylyna kuti asonkhanitse abale pabwalo la ndege ku Chernivtsi, adzaone mwana wa kwawo akutsika m'chinthu chimene anachipanga. Apa ndi pomwe mtima umandiwawa mpaka lero. M'mawa wa tsikulo, ali pamzere ndi kachikwama kawo, a Zinovii anawakokera pambali.

"Pavuta pang'ono. Mkazi wa bwana wina wa kulikulu wafuna kukwera nawo."

"Mipando yatha?"

"Unatsala umodzi, koma ali ndi kagalu."

Kagalu, anthuni. Munthu wathera ukalamba wake pa ndegeyo, maso mpaka kuchita khungu ndi kujambula, n'kumusinthanitsa ndi kagalu kovala juzi. Ine ndinafuna kulalata, koma iwo anandigwira mkono.

"Usatero, mwanawe. Ungouza woperekera tiyi m'ndegemo asakatsegulire kabowo, kagaluko kangadwale."

Sanabwerere muofesi. Anaima pabwalo, mphepo ya Novembala ikudula ngati mpeni, n'kuvula chipewa. Anachotsanso thonje m'makutu kuti amve bwino injini. Anaima choncho, suti yokhayokha, mpaka ndege inazimiririka m'mitambo. Chibayo chinawagwira sabata yomweyo, ndipo Khirisimasi sanaione.

Pamaliro a Zinovii analankhula mpaka ife mapazi kuuma, ati malemuwa anali mzati wa fakitale. Mzati umasiyidwa pabwalo? Maliro atapita, mopanda ndi manyazi omwe, anatumiza kunyumba kwa namfedwa tikiti yaulere ya ku Chernivtsi, yolembedwa dzina la a Yarema, mpando wa pazenera. Akuti inachedwa kusainidwa. Ndinaitenga ndekha kukaiponya patebulo pa a Zinovii, ndipo mawu amene ndinanena sindingawabwereze pano.

Masiku ano muofesi timajambula chinthu kamodzi basi, palibe wotibweza. Timaweruka nthawi yabwino. Koma tsiku limatha osamva munthu akuseka, ndipo tebulo la a Yarema palibe wofuna kukhalapo. M'mawa uliwonse jeti ija imadutsa pamwamba pa denga lathu kulowera ku Chernivtsi. Ana atsopanowa amadzutsa mitu kuisirira. Ine ndimawerama, chifukwa ndikaiyang'ana ndimayamba kutukwana, kenako ndimalira.