Kope la Mayi a Kunyumba

Inu, tamverani, mukaona munthu wamkulu ngati ine akulowa m'chipatala nsapato zili m'manja, musathamangire kuseka. Funsani kaye.

Mwezi watha anandiunika m'mutu n'kupeza kachotupa pa kachiwalo kena kangati nyemba, kamene kali pansi pa ubongo ndipo kamalamula mahomoni a thupi lonse. Anesi anandipatsa tsiku lokaonana ndi dokotala wamkulu wa zimenezi, n'kundiuza kuti ndikatenge zinthu zitatu: pepala la zonse zimene ndikumva m'thupi, zithunzi zanga zakale, ndi munthu wondidziwa bwino.

Ndisaname, ndinachita mantha, poti ndinamva kuti chotupa chotere chimatha kuwononga maso. Ine ndine kalipentala, ndipo akanati maso akupita, ndiye kuti sowo ndi hamala ndasiyana nazo. Choncho ndinaganiza zokafika kwa dokotalayo ngati munthu wofunsira ntchito, adzionere yekha kuti ndili bwinobwino.

Papepala langa ndinalemba mzere umodzi: "Mutu umawawa pang'ono, mwa apo ndi apo." Mayi a kunyumba anawerenga. Anangotenga kope, n'kukhala pakhonde, n'kuyamba kulemba zawo. Masiku atatu athunthu, anthuni! Ndikajona masana, alemba. Ndikagunda phewa pachitseko chimene ndinakhoma ndekha, alemba. Ndikafunsa chimene akulemba, alembanso.

Chithunzi cha ukwati ndinachikana, chifukwa nthawi imeneyo ndinali wowonda ngati mpini wa tsache. Lachiwiri ndinapita ku situdiyo kukajambulitsa chatsopano, nditagwira chibwano ngati bwana wa kampani.

Tsikulo litafika ndinatulutsa suti ya ukwati ndi nsapato zake. Jekete inakana kumangika. Nsapato ndinazilowetsa ndi supuni, thukuta lili kamukamu, mayi akungondiyang'ana. M'basi ndinapirira. Koma pageti la chipatala yakumanzere inaphulika, zala zonse pamtunda, moti ndinangovula zonse ziwiri n'kuzinyamula. Polowa m'chipinda cha dokotala, phewa langa linapereka moni kwa chitseko ine ndisanapereke wanga.

Adokotala anafunsa ngati mapazi anga akula m'zaka zapitazi. Ndinati ayi. Anayang'ana nsapato zili m'manjazo, osaseka, n'kupempha chithunzi.

"Ichi ndi cha liti, bambo?"

"Cha Lachiwiri."

"Lachiwiri la chaka chiti?"

"Ladzanali."

Pamenepo mayi anatsegula chikwama, n'kutulutsa chithunzi cha ukwati chija. Adokotala anachiika pambali pa changa chatsopanocho, n'kundionetsa chibwano, mphuno ndi zala. Ndinayang'anitsitsa. Zaka zonsezi ndimameta ndevu pagalasi osaona kuti nkhope ikusintha, koma mnzangayu amaona.

Anandiuza modekha kuti zotupa zoterezi zambiri si khansa, kuti chithandizo cha opaleshoni chilipo, ndipo maso akhoza kutetezeka tikafulumira, bola ndiwauze zoona. Mayi anangokankhira kope patebulo.

Masamba anayi, inu! Adokotala anatenga cholembera n'kuyamba kuchonga. Kujona kogwedeza malata, anati n'chotupa. Mphete imene tinachita kudula ndi pulayala, chotupa. Kusaona zam'mbali, kutopa, thukuta, zonsezo chotupa. Ine ndinayamba kufufuma pampando, n'kumawayang'ana mayi ndi diso loti mwamvatu, zonse munkandinenera zija sikunali kufuna kwanga.

Atafika pamzere womaliza, cholembera chinaima. Anawerenga mokweza: "Akalakwa sapepesa."

Ndinadikira kuti achonge. Anavula magalasi, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ana mayi.

"Ichi chokha, mayi, ndi chobadwa nacho."

Mayi anapinda kope lawo bwinobwino, n'kufunsa mwaulemu ngati pa tsiku la opaleshoni sangachotsere limodzi.

Opaleshoni ndi mwezi wamawa. Koma chinacho, adokotala akuti ndiyambe kudzichiza ndekha kunyumba, katatu patsiku.