Digiri Yogwadira Mwana

Usiku wathawu, Mwandida ndi iwe Felesta, ndinalota ndafika kale ku yunivesite, chonsecho katundu sindinayambe n'komwe kulongedza. Nkhani yanga mukuidziwa. Dzina langa linatuluka pa maphunziro a uphunzitsi wa ana a sukulu za mkaka, ndipo Nedson akuti iye sangadikire zaka zinayi mkazi amene akukaphunzira kupukuta ana a eni mamina. Akuti njinga yake yamoto ikulowera ku Mchinji, kumene msuweni wake wamupezera kashopu kokonzeramo mafoni, ndipo kumbuyo kwa njingayo kuli malo a munthu mmodzi. Yankho akulifuna lero masana. Ine ndinagona ndilibe yankho, ndikungoganiza za mmene angadzandigwadire atanyamula mphete, ngati mmene anachitira alamu ako aja, Felesta, pa vidiyo ija tinaionera mpaka bandulo kutha.

Ndiye m'malotomo ndinakwera minibasi pa Lunzu, kondakitala akukuwa kuti yunivesite, yunivesite, wotsala mmodzi. Koma minibasiyo sinkapita patsogolo, inkangoti ikapita uku ibwerere uku. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti ndi katungwe womangidwa pa mtengo wa mango, ndipo kondakitala ali kumbuyo akutikankha.

"Achimwene, tifika nthawi yanji? Ine ndachedwa," ndinatero.

"Aliyense amatsika akachita chizungulire, sisi."

Ndiye ndinachita chizungulire n'kutsika.

Yunivesite ndinaipeza ndithu, koma inali yondilekeza m'chiuno. Nyumba zosanja, laibulale, holo, zonse m'chiuno, moti denga la ofesi ndinkalionera pamwamba, pali mpira wachikulunga ndi nsapato imodzi ya mwana. Ine ndinali nditavala gauni yakuda, chipewa chija cha makona anayi, ndi gogoda amene ndilibe. Ndinaganiza kuti mwina digiri ndinatenga kale, kwangotsala zithunzi.

Pa geti panali mlonda wa yunifomu yabuluu. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, ndipo atafika kumutu khosi linali litamupweteka.

"Msinkhu mwausiya kuti, mayi?"

"Ndabwera nawo."

"Muno salowa nawo. Anzanu amausiya apa, potuluka amautenga."

Analoza pakhoma pomwe panali misomali, ndipo pa misomalipo anapachikapo misinkhu ya anthu ngati majekete. Wina unali wa bambo wamtali kwambiri, unkachita kukhudza pansi. Ndinati wanga sindisiya, ndaulimbira zaka zonsezi. Mwadzidzidzi khosi la mlonda uja linatalika, yunifomu inasanduka nthenga, munthu wasanduka tsekwe, wayamba kundijompha gogoda. Ndiye ndinathawira mkati chowerama, msinkhu wanga uli pathupi.

M'kaofesi kolembetsera ophunzira ndinalowetsamo mutu ndi mkono umodzi, kwinaku kunatsala panja. Pa desiki panali bambo wa tayi wofiira, pa kathabwa polembedwa kuti a Kalinde. Anati nditambasule chikhatho andidinde. Anakweza chidindo m'mwamba, ndiye dzanja lawo linayamba kubwera pang'ono, kubwerera, kubwera pang'ono, kubwerera. Diso lina linkayang'ana ine, lina likuyang'ana wotchi ya kumbuyo kwawo. Tayi uja anasanduka wobiriwira. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndi nanzikambe.

"Bwana, dindani msanga, pali wina akundidikira."

"Akudikira kapena akuliza injini?" anafunsa a Kalinde.

Ndinatchera khutu. Chapatali kunkamvekadi njinga yamoto.

Chidindo chinalankhula chili m'mwamba momwemo. "Ine ndinanyamuka chaka chatha, chemwali. Musandithamangitse, inki ingatayike."

A Kalinde anatola ntchentche pakhoma ndi lilime, n'kunena kuti ndizipita m'kalasi, za chidindo zidzaoneka.

Ndiye ndinapezeka ndili m'kalasi, sindikudziwa kuti ndinalowa bwanji. Munali timipando tapulasitiki tofiira ndi tachikasu. Nditakhala pa kamodzi kanabuula n'kunena kuti, "Anti, kwanu mumadya chiyani?" Kampando ka pafupi kanaseka mpaka kugwa chagada. Anzanga a m'kalasimo anali anthu akuluakulu, ena a ndevu, koma poti misinkhu anaisiya pa geti anakwanira bwinobwino. Ine ndekha mawondo ali m'makutu.

Mphunzitsi anali Pulofesa Nambewe, mayi wa magalasi olendewera pa chingwe. Analemba pa bolodi kuti chaka choyamba tiphunzira masanje, chachiwiri matope, ndipo kuyambira chachitatu mpaka imfa tiphunzira kuyankha funso loti "chifukwa chiyani". Ndinakweza mkono, mkonowo n'kuboola siling'i.

"Madamu, ine pa Fomu Folo masamu ndinakhoza bwino. Ndimayesa kuno kuli mabuku akuluakulu."

"Alipo, udzawawerenga mpaka maso kufiira," anatero. "Koma poti ndiwe wa masamu, tathandiza apa."

Anakhuthula chitini cha zitsekerero za mabotolo patebulo, n'kupatula zisanu. Anati ndifotokoze, m'mawu oti mwana amve, kuti zisanu zikhala zisanu kaya zaunjikana kaya zabalalika. Ndisanatsegule pakamwa, zitsekerero zija zinayamba kulankhula zokha.

"Ife tikatalikirana timachuluka," chinatero china cha dzimbiri. "Tikaunjikana timachepa. Funsani mwana aliyense."

"Limenelo ndi bodza," ndinatero.

"Ndi bodza kwa inu a misinkhu."

Ndinayesa kufotokoza, ndinati taonani, ndinati mwachitsanzo, ndinati tiyerekeze, koma zitsekerero zinkangotalikirana n'kumandifunsa ngati sindikuona kuti zachuluka. Mwadzidzidzi masamu anga onse a Fomu Folo anayamba kutuluka m'makutu ngati ngumbi. Pulofesa poona ngumbi sanapirire. Magalasi anagwa, mikono inasanduka mapiko, pamaso pathu paima thadzi lalikulu la mawangamawanga, layamba kutola. Litakhuta linapukuta mlomo pa simenti, uku ndi uku, n'kundiyang'ana ndi diso limodzi.

"Mayeso ako ndi pompano. Gwada."

Mumtima ndinati apa ndiye ndakhoza. Kugwada amayi anandiphunzitsa ndisanayambe sukulu. Ndagwadira amalume, abusa, alendo, ngakhale a landilodi amene sitiwakonda. Ndiye ndinagwada bwinobwino pamaso pa Pulofesa, manja pamodzi, maso pansi. Kalasi yonse inaseka, timipando tomwe.

"Wagwadira kolakwika," linatero thadzi. "Tembenuka."

Kumbuyo kwanga kunaima kamtsikana ka zaka ngati zitatu, diresi kavala chotembenuza, phala laumira pa tsaya, m'manja kanyamula galimoto yadothi yopanda tayala limodzi.

"Uyu ndi Tikhale. Wokuyesa mayeso ndi ameneyu."

"Madamu, kwathu mwana ndiye amagwadira wamkulu. Amayi atandiona ndikugwadira kamwana aka anganene kuti wina wandilodza."

"Amayi ako kuno sanasankhidwe, wasankhidwa ndiwe. Ndipo maso asakhale pansi, umuyang'ane m'maso. Ali ndi nkhani yoti akuuze. Ikatha, wakhoza. Ukamumalizira mawu, walephera. Ukaimirira, walephera."

Ndiye ndinatembenuka chogwada, n'kumuyang'ana Tikhale m'maso. Pomwepo msinkhu wanga unavuka wokha, n'kutuluka pakhomo kulowera ku geti osanditsanzika. Anzanga, pansipo pali dziko lina. Kunsi kwa matebulo kunali zojambula za makala zimene palibe wamkulu anazionapo. Zogwirira za zitseko zinali kutali ngati mwezi. Ndipo anthu oimirira ukamawaonera pamenepo ndi mabowo a mphuno okhaokha.

Tikhale anakoka mpweya wambiri.

"Anti. Anti. Ineyo eti. Dzuyo mawa ndinapita kwa amayume."

"Eya," ndinatero.

"Ndiye. Ndiye gayu wa amayume eti. Ndiye."

Anasiya, n'kuyamba kuyang'ana nyerere imene inkadutsa pakati pathu itasenza nyenyeswa. Tinaiperekeza ndi maso mpaka inafika kukhoma. Ine nkhaniyo ndinali nditaidziwa kale mathero ake: galu wa amalume anamuluma. Mawu oti "anakuluma" anali pa lilime, akudumphadumpha m'kamwa ngati chule, moti ndinachita kutseka pakamwa ndi dzanja.

"Ndiye gayuyo eti," anayambiranso Tikhale. "Wakuda. Ayi, wofiiya. Ndiye."

Mwadzidzidzi khoma linatseguka ngati katani, ndipo Nedson analowa pa njinga yake mpaka pakati pa kalasi. Anavala suti yoyera, tsitsi lometa kumene, maluwa ofiirira akumugwera kuchokera kumene kunalibe mtengo. Musaseke, mtima wanga unagunda. Ameneyu ndi Nedson yemwe uja anandiperekeza pa mvula tsiku la mayeso a Bayoloje, jekete lake lili pamutu panga, iye akunyowa n'kumanena kuti sakumva kuzizira. Kungoti iye analowa ndi msinkhu wake wonse, ndiye kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti m'mphuno mwake muli tsitsi.

"Sungeni, dzuka apo, ukudetsa gauni," anandiuza.

Kenako anachita chimene ndakhala ndikuchilota ndili maso. Anapisa m'thumba, anatulutsa kabokosi, n'kugwada bondo limodzi. Koma anagwada pa chishalo cha njinga, injini ikulira, moti kuti ndifikire dzanja lake ndinayenera kuimirira. Kabokosi kanatseguka, ndipo mphete inatsokomola pang'ono isanalankhule.

"Ine saizi yanga ndi ya munthu woimirira, mlamu. Fulumirani, petulo akutha."

Mawondo anga anayamba kunyamuka okha. Thadzi linali pambali, linkangodzikonza nthenga.

"Dikira pang'ono, Nedson," ndinatero. "Mwanayu akulankhula."

"Ndidikire kamwana? Nkhani ya galu? Ndikuuze ine mmene ithere. Galuyo anakaluma, kanalira, basi. Tiye."

Mlomo wa Tikhale unayamba kunjenjemera. Anayang'ana Nedson m'mwambamo, kenako anayang'ana ine.

"Sanandiyume," anatero.

Chule uja m'kamwa mwanga anangoti zii. Ndiye kuti ndikanalankhula, ndikanalakwitsa chimodzimodzi. Galu sanamulume, ndipo m'kalasi monsemo, Pulofesa yemwe, panalibe wodziwa chimene galuyo anachita kupatula mwana wa diresi yotembenuzayu. Ndinayamba kufuna kudziwa, osati chifukwa cha mayeso, koma kufuna kwenikweni, ngati mmene umafunira madzi.

"Sungeni, ndinyamuke?" anafunsa Nedson. Mawu ake anali ofewa, ndipo ndinacheuka.

Tikhale anandigwira tsaya ndi kadzanja konata phala, n'kubweza nkhope yanga kwa iye. "Anti, yang'ana kuno."

Ndiye ndinalankhula ndi Nedson maso anga ali pa mwana. "Zimitsa injini. Tsika ugwade pansi penipeni pano, timvere limodzi. Ikatha tikambirana za Mchinji."

Nedson anayang'ana simenti, pomwe panali matope ndi phala lotayika, kenako anayang'ana thalauza lake loyera.

"Sutiyi ndi yobwereka," anatero.

"Nanga ingatenge nthawi yaitali bwanji nkhani ya galu?" inafunsa mphete.

"Mwina zaka zinayi," linayankha thadzi. "Ena amapitirira."

Kabokosi kanadzitseka kokha. Njinga ija inayamba kuchepa, kulira kwake kukunka kuwonda, mpaka inasanduka bemberezi, Nedson ali pamsana pake ngati kambewu ka mpunga. Bemberezi anazungulira mutu wanga kamodzi, mwina kudikira kuti ndisinthe maganizo, kenako anatulukira pa zenera. Ndinalira, sindikubisirani. Misozi inkagwera pa gauni, koma mawondo sanachoke pansi. Tikhale anandidikira kuti ndimalize, monga mmene ine ndinamudikirira pa nyerere, kenako anandipatsa galimoto yake yadothi kuti ndimugwirire, chifukwa gawo lotsala la nkhani linkafunika manja onse awiri.

"Ndiye gayuyo eti," anatero, atatambasula manja. "Anabweya pafupi. Pafupi. Ndiye anakhaya pansi. Ndiye anandiyang'ana chonchi."

Kalasi yonse inasendera. Timipando tinayenda chonyang'ama, zitsekerero zinaunjikana mpaka kuchepa, thadzi linaima ndi mwendo umodzi.

"Ndiye anatseguya kukamwa. Ndiye anati, anati..."

Kho, kho, kho. Mpope wa panja unkatsokomola mpweya, madzi abwera, ndipo amayi anali atatchera kale ndowa yachitsulo. Ndinakhala chigonere ndikumvetsera ndowayo ikudzaza, ndikuyesa kutseka maso kuti mwina ndibwerere ndikamve chimene galu uja ananena, koma osatheka. Yankho la Nedson lokha ndi limene ndinadzuka nalo, ndipo silikundisangalatsa. Mwandida, sutikesi yako ya mawilo ija usabwereke wina.