Chizungu cha Yotamu pa Mowa wa a Nangozo

Mwambi umene mwamva ndikunenawu, ana inu, unayamba motere. Ku Bawi, ku Ntcheu, kunali mnyamata wina dzina lake Yotamu. Atatsuka mbale miyezi yowerengeka pa hotela ina ku Limbe, anabwerera kumudzi akudzitama kuti Chizungu chonse anachimaliza.

Yotamu anakonda Elube, mwana wa a Nangozo, mayi wofulula masese amene dera lonse linkawayamikira. Tsiku lina anapita kukaonekera limodzi ndi malume ake, a Sandifolo, ndipo anapeza anthu ali pa mowa.

"Ukhale chete, ndilankhula ndine," anatero malume ali panjira.

Chipanda choyamba Yotamu anakhaladi chete. Chitadutsa chachiwiri, anatsokomola pang'ono.

"Kodi madoda, wofulula mowa Azungu amamutcha chiyani? Amati buluwa."

"Nanga dzinalo analitenga kuti?" anafunsa mkulu wina.

Yotamu sankadziwa, koma kuvomera zimenezo pamaso pa Elube kunamukanika. Malume anamuponda chala, iye n'kungosuntha phazi.

"Anatibera ifeyo. Mzungu wina anaona mayi atasenza mtsuko kumutu, nkhuni kumsana, chimera m'manja. Ndiye anafunsa kuti, 'Bulu wa yani uyu?' Polemba anangolemba buluwa. Choncho wofulula aliyense ndi bulu."

Palibe anaseka. Kumbuyo kwa Yotamu kunali kutaima a Nangozo, atanyamula chipanda chachitatu.

"A Sandifolo," anatero mayiwo mofatsa, "muwauze alendo anuwo kuti mwana wa bulu ndi bulunso. Munthu wophunzira chonchi sangakwatire m'khola."

Atatero anabwerera nacho chipandacho m'nyumba.

Malume anapepesa mpaka mawu anasasa, Elube akulira kuseri kwa nkhokwe. Pomaliza a Nangozo anati, "Ndikufulula wa chikumbutso cha malemu bambo ake a Elube. Bulu wakalamba, msana ukuwawa. Ngati mkazi akumufunadi, madzi ndi nkhuni zonse asenze yekha."

Sabata yonseyo Yotamu anali pa njira ya kuchitsime, chigubu paphewa, jekete la ku Limbe litanyowa. Ana ankamutsatira akulira ngati abulu, amayi n'kumamufunsa kuti, "Achimwene, nanga chigubu pa Chizungu amati chiyani?" Iye ankangoyankha kuti, "Sindikudziwa, mayi."

Yotamu anamukwatira ndithu Elube. Koma mpaka lero, munthu akanyoza ntchito imene ikumudyetsa, akulu amangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Wotchula bulu ndiye amasenza katundu."