Zakale Zonse Zipite kwa a Saulos

Inu, tamverani zimene anachita a Saulos a ku Unit K, ku Chitungwiza, chaka chimene mwana wawo Hazel analowa yunivesite ku Harare. Mtsikanayo ankaphunzira zosunga zinthu zakale m'myuziyamu, ndiye aphunzitsi anamutuma kuti Lolemba abwere ndi chinthu chimene makolo anachoka nacho ku Nyasalande. Chimodzi chokha!

Koma a Saulos kunyada! Lamulungu anaimirira m'tchalitchi.

"Abale, mwana wanga akutolera zakale. Akaziika m'galasi, dzina la mwiniwake pansi pake!"

Pofika masana pakhomo panali ngati kudzala: mapulaimasi otha, njinga yopanda matayala, mpaka mano oikirira a malemu ena. Hazel anangogwira kumutu. Anasankha ng'oma ya agogo ake, yakuda ndi utsi, imene inayenda pamsana kuchokera ku Dedza, n'kupita kukabweza katundu wa eni.

A Saulos anaiyang'ana ng'omayo. Zoona ipite kwa anthu ophunzira ili bii chonchi? Akati banja la Saulos silidziwa sopo! Anaikwecha ndi mchenga, n'kuipaka penti wobiriwira wotsala pachitseko.

"Maiwe! Baba, maitei?" anakuwa Hazel m'Chishona atabwerako, kufunsa chimene bambo ake achita.

"Ndaikonza. Mlendo sapita kwa eni osasamba."

"Amafuna ukale wakewo! Ndilephera mayeso ine!"

A Saulos thukuta kamukamu. Anathira palafini kuti penti achoke, chikopa chinafewa. Akuti achiwambe pamoto kuti chikungike, inu, palafini ndi moto! Phuu! Ng'oma inapita, nsidze zawo n'kuiperekeza.

Utsi usanathe anatulukira mayi Felesita oyandikana nawo, akukoka amuna awo a Cyprian.

"Ndamva mukufuna zakale za ku Nyasalande. Awa anabwera wapansi Chitungwiza ili tchire. Sagwiranso ntchito, koma pakamwa m'pabwinobwino."

Hazel akanatani? Lolemba anakwera nawo basi. Kumeneko mkuluyo anafotokoza za ulendo wake, mikango ya m'njira ndi mapulazi a fodya mpaka matepi ojambulira mawu a aphunzitsi anatha. Hazel anakhoza, ndipo a Saulos, opanda nsidze choncho, anauza msewu wonse kuti nzeru zinali zawo.

Madzulo basi itatsitsa Hazel ndi a Cyprian, mayi Felesita anasuzumira pampanda, nkhope ili gwaa.

"Aa! Mwawabwezanso? Kodi galasi linachepa?"