A Ward Opanda Chitseko

"Ukangolikhoma thabwa limenelo pakhoma panga, Dessie, ine ndikukwera basi ya ku Wigan. Kwa mchemwali wanga bedi liliko."

"Si thabwa, Pauline. Ndi chishango cha mtundu wathu."

"Mtundu wake uti? Wa akuba zitseko?"

Inu, tamverani. Makoma a nyumba zathu kuno ku Bootle, m'mphepete mwa Liverpool, ndi opyapyala ngati bisiketi, moti mayi Ward akayetsemula kwawo ine ndimapukuta mwana wanga mphuno. Ndiye mkanganowu ndinkaumva ndili pasinki masana, ndikutsuka mabotolo a Niamh, yemwe ndinali nditangomugoneka movutikira. Nkhani yake ndinkaidziwa kale. Theka ndinamva ndi khoma, theka lina anandiuza Pauline mwini tikuyanika zovala.

Bambo Dessie Ward amakonza mapaipi. Zaka zonsezi ankauza anzawo ku bala kuti Ward ndi dzina lachingerezi lotanthauza mlonda, ndipo makolo awo ankalondera zipata za mafumu. Mlonda wake ameneyu ndi uja amagona kiyi atamuiwala kunja pachitseko. Tsiku lina pamsika anakumana ndi munthu wogulitsa timatabwa tojambulidwa zishango za mabanja. Atamva kuti agogo a Dessie anachokera ku Donegal, wogulitsayo anawauza kuti Ward wa ku Ireland ndi wina, amachokera ku dzina lakale lotanthauza mwana wa mlakatuli, aja ankatamanda mafumu.

Mlonda anafera pamsika pomwepo. Kunyumba kunabwera mlakatuli.

Anagula thabwalo, anachotsa chithunzi chaukwati pakhoma kuti likhale pamenepo, kenako anakajambulitsa chishango chomwecho pachitseko cha kumbuyo kwa vani yawo. Ndakatulo zinayamba kudutsa khoma. Ina inali yotamanda Pauline, ndipo inamuyerekezera ndi thanki ya madzi otentha yomwe sinadonthepo. Pauline anazula msomali n'kunena kuti thabwalo silikwera mpaka ataona m'bale mmodzi wovomereza za ulakatulizo.

Ananyamuka pa vani, ulendo wa ku Donegal. M'sitima ya pamadzi Dessie anakaima kutsogolo kuti alonjere dziko la makolo ndi ndakatulo. Anangofika mzere wachiwiri, zotsalazo zinatuluka limodzi ndi mazira a m'mawa.

Atafika kumudzi kwa agogo awo analowa m'bala atatukumula chifuwa.

"Ndikufuna akwa Ward."

"Mwawapeza," anatero wogulitsa mowa. "Ine ndine Ward, uyo ndi Ward, wagona apoyo ndi Ward. Galuyo yekha ndiye wa kwa Gallagher. Inu ndinu a Ward ati?"

Kumeneko dzina lokha silikufikitsa pakhomo pa munthu. Banja lililonse lili ndi lina lomatirira, lomwe anthu anakupatsani osakufunsani: a Ward Ofiira, a Ward Akumlatho, a Ward Atsekwe.

"A Ward alakatuli," anatero Dessie.

"Amenewo sanatipezepo kuno, achimwene. Agogo anu anali ndani?"

"Packie Ward, amene anapita ku Liverpool."

Matambula onse anatera pathebulo. Wogulitsa mowa uja anangoti, "Wina akaitane Bríd."

Bríd anabwera atavala magambutsi a kukhola, mayi wamfupi, mdzukulu wa mkulu wake wa Packie. Anapsompsona Pauline patsaya, n'kumuyang'ana Dessie kuyambira kunsapato.

"Ndiye ndiwe msuweni. Wabwera nacho?"

"Chiyani?"

"Chitseko."

Anafotokoza modekha ngati akunena za mvula. Bambo awo a Packie atamwalira munda unapita kwa mkulu wake, Packie sanapate kanthu. Ndiye m'nyengo yozizira anazula chitseko cha nyumba, anachibereka kumsana mpaka kudoko, anachigulitsa n'kukwera sitima.

"Kuyambira pamenepo ife ndi a Ward Opanda Chitseko. Ndinabatizidwa nalo. Ndinakwatiwa ndi Ward wa Kumlatho poganiza kuti ndalithawa, linanditsatira. Taikapo zitseko zatsopano, china cha galasi, koma dzina lili phee."

Pauline anatsina mwamuna wake. "Pepesa, tizipita."

Akanamvera bwenzi lero ndilibe chokuuzani. Koma kumeneko mowa amagulirana mozungulira, ndipo kukana tambula ya mnzako ndi chipongwe. Ward aliyense anagula, mlakatuli wathu sanakane ngakhale mmodzi. Dzuwa lisanapendeke anali atakwera pampando.

"A Ward a ku Liverpool sathawa mlandu. Msuweni, sankha chitseko chilichonse chomwe ndili nacho, n'chako."

Mumtima ankadalira nyanja, poti nyumba yake inali kutsidya. Bríd anangosuzumira pawindo pomwe panaima vani. Ana ake aamuna, zimphona ziwiri, anamasula chitseko cha kumbuyo kwa vaniyo ndi sipanala za Dessie yemweyo, n'kuzibwezera m'bokosi mwaulemu. Pano chikutseka khola la nkhuku, chishango chikuyang'ana kumsewu.

"Mlandu watha," anatero Bríd powatsanzika. "Dzinalo tsopano ndi lako, msuweni. Pita nalo, ulisamale."

Anabwerera atamata pulasitiki kumbuyo, mvula ikulowa m'khosi mwa Pauline, mapaipi akutsika okha panjira. Munthu wanzeru akanaliponya m'moto thabwa lija. Koma amuna ena manyazi amawalowa ngati mankhwala opatsa mphamvu.

"Akuba kapena ayi, magazi a ulakatuli ali mwa ine," ndinawamva a Dessie akutero kuseri kwa khoma masana aja.

"Muli mowa wa eni ake, Dessie. Sutikesi yanga ili pamasitepe, ukuiona."

Hamala inalira. Kachitatu msomali unatulukira kukhitchini kwanga, pamwamba pa sinki, fumbi n'kugwera m'mabotolo amene ndinali nditatsuka. Niamh anadzuka ndi kulira kwake kuja kokhala ngati ambulansi. Ndinamunyamula n'kukalowa kwawo osagogoda, poti kiyi anali panja monga mwa masiku onse.

"Bambo Ward, msomali wanu uli kwanga. Ndipachikepo chiyani, ndakatulo?"

Dessie anaima pakati pa chipinda, thabwa lili m'manja, kukamwa kuli yasa. Nthawi yomweyo Pauline anatulukira kukhitchini atavala kale jasi la paulendo, atanyamula poto wa nyama ndi mbatata ya kachewere, akuwira. Mkazi ameneyu ngakhale pothawa banja sangasiye chakudya pamoto.

"Ndikupsa, Dessie. Choikapo, msanga!"

Manja a munthu amene wakhala m'banja zaka zambiri safunsa mutu. Dessie anangoliyala thabwa lija pathebulo, Pauline n'kukhazikapo poto. Tonse tinaliyang'ana. Msuzi unatsetsereka pambali n'kukamiza kanyama kojambulidwa pakati pa chishango.

"Pamenepo ndiye ndilibe nalo mlandu," anatero Pauline, n'kutembenukira kwa ine. "Mwanawe, tandipatsa chithunzi icho chili kuseri kwa mpando."

Anachipachika pamsomali watsopano uja, anachiwongola, n'kuvula jasi.

Dessie anakanda m'mutu. "Ndiponso alakatuli akale malo awo anali pathebulo la mafumu."

"Khala pansi, Opanda Chitseko, zikuzizira."

Dessie anakoka mpando n'kusendeza mbale yake.